Lipoti la nkhani: katoni ya masipeya a fakisi yochokera ku Johannesburg kupita ku Ulónguè

Ndimagwira ntchito yotulutsa katundu ku alfandega, ofesi ya msonkho wa katundu wolowa m'dziko, mumzinda wa Tete ku Mozambique, pansi pa despashanti, woimira eni katundu ku ofesiyo, wovomerezeka ndi boma. Zambiri zodutsa patebulo panga ndi zikuluzikulu: zitsulo zopita kumigodi ya malasha ku Moatize, feteleza, matayala a malole. Nkhani ino ndi ya katoni imodzi yoti munthu n'kuisenza yekha pamutu, koma inadya mapepala ndi malovu kuposa lole yodzaza simenti. Ndailemba kuti anzanga a ntchitoyi, komanso eni timashopu ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amene ayamba kuitanitsa okha katundu kunja, aone pomwe ndalama zimathawira. Zinachitika m'chaka cha 2023. Dzina la mwini katundu ndi la wogulitsa ndawasiya dala.

Mwini katundu

Ndi bambo wachikulire wa ku Ulónguè, ali ndi shopu ya fotokope ndipo amakonzanso makina a m'maofesi. Nthawi imeneyo fakisi inali idakalipo m'manja mwa makasitomala awo ochepa, makamaka onyamula katundu ndi ogula mbewu amene anzawo a malonda kunja amafunabe pepala losainidwa ndi kudindidwa kuti lituluke pa makina awo. Makina a fakisi amadalira lamya ya nthambo, ndipo kuyambira pomwe kampani ya lamya za nthambo ya TDM inaphatikizana ndi ya mafoni a m'manja ya mcel n'kukhala Tmcel, anthu ambiri kuno sakumbukiranso kuti m'nyumba munkalowa waya wa foni. Msika ndi wochepa, choncho m'masitolo a Tete simupeza masipeya ake. Mwana wawo wokhala ku Johannesburg ndiye anawapezera wogulitsa zida zakale za m'maofesi, n'kukweza katoniyo pa lole yosonkhanitsa katundu wa anthu ambiri. Inadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, n'kulowa m'dziko muno pa Cuchamano, kudutsa Changara mpaka Tete, komwe inaima kudikira mapepala.

Za iwo eni zinali bwino. NUIT, nambala ya wolipira msonkho, anali nayo, alvará, chiphaso chochitira bizinesi, anali nayo, khadi lowaloleza kuitanitsa katundu kunja analinso nalo. Vuto linali fatura, pepala la wogulitsa lonena katundu ndi mtengo wake. Inali ya tsamba limodzi, pamzere wa katundu panalembedwa mawu awiri okha, fax spares, kenako mtengo umodzi wa marandi. Panalibe mndandanda wa zopakidwa, panalibe dziko lomwe zinthuzo zinapangidwa, ndipo ndalama zomwe mwana uja anapatsa dalaivala zinalibe lisiti.

"Achimwene, ndi tizitsulo chabe iti," anatero. "Ndiponso tachokera ku South Africa. Si SADC imeneyo? Ingolembani kuti ndi zosalipira, ndikwere chapa ndizipita."

Ndinawayankha kuti, "Bambo, sindingalembe chinthu chomwe maso anga sanaone. Tiyeni tipemphe atilole titsegule kaye."

Zomwe tinapeza m'katoni

Tinaitsegula pamaso pa wa alfandega tisanalembe Documento Único, chikalata chomwe timalembapo katundu yense kuti awerengeredwe msonkho. Pamwamba panali makatiriji a tona ndi madiramu, ena m'mabokosi awo, ena ongokulunga m'pulasitiki wakuda. Pansi pake panali mabodi a makina, zotenthetsera tona, timagudumu ta labala tokoka pepala tokhala ndi kachitsulo pakati, maliboni a filimu yakuda a fakisi zolembera pa pepala wamba, ndi mipukutu ya pepala lija loterera lomwe limada likamva kutentha. M'mbali anakanikizamo timabokosi tosintha mphamvu ya magetsi, timota ting'onoting'ono, magiya apulasitiki, malamba a labala, ndi kathumba ka masikuluwu osakaniza ndi masipuling'i. Pansi penipeni, zokutidwa ndi nyuzipepala zakale, panali fakisi ziwiri zathunthu zopanda zivundikiro, zomwe pa fatura sizinatchulidwe n'komwe.

Bambo aja anaseka n'kunena kuti ziwirizo ndi basela, wogulitsa anangoponyeramo zoti azikagulula tizida. Wa alfandega sanaseke. Anangotulutsa cholembera.

Nambala ya chinthu chilichonse

Apa ndi pomwe panagona ntchito yambiri, ndiye ndifotokoza mofatsa.

Buku lomwe timawerengera msonkho, Pauta Aduaneira, linamangidwa pa Harmonized System, dongosolo la manambala a katundu lomwe bungwe la World Customs Organization la ku Brussels limasamalira kuyambira 1988. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana m'maiko onse otsatira dongosololi, ndipo Mozambique imawonjezerapo awiri kuti akwane 8. Dongosololi limakonzedwanso pakapita zaka, monga mu 2002, 2007, 2012, 2017 ndi 2022. Kale fakisi inkakhala pa mutu 85.17 limodzi ndi matelefoni. Mu 2007, makina atayamba kuphatikiza ntchito ya pulinta, fotokope ndi fakisi m'bokosi limodzi, fakisi anaisamutsira ku mutu 84.43. Makina ochita ntchito ziwiri kapena kuposa mwa zitatuzi, otha kulumikizidwa ku kompyuta kapena ku netiweki, ali pa 8443.31. Ochita ntchito imodzi koma otha kulumikizidwa ali pa 8443.32. Masipeya awo ali pa 8443.99. Wogulitsa uja titamuimbira foni anatipatsa nambala yoyamba ndi 8517, mwina yomwe anaizolowera kale. Sitinaigwiritse ntchito, chifukwa mawu a mutu 85.17 lero amanena poyera kuti makina a mutu 84.43 sali m'menemo.

Munthu angaganize kuti basi, katoni yonse ilowe pa 8443.99. Mwini katundu ankafunanso zomwezo, mzere umodzi, msonkho umodzi. Koma lamulo lachiwiri la Gawo XVI la bukuli, lomwe ndi gawo la makina, limati sipeya yomwe payokha ili kale ndi mutu wake m'machaputala 84 ndi 85 imapita kumutu wakewo, ngakhale itapangidwira makina amodzi okha. Zotsala zokha, zomwe ntchito yake ndi ya makina amenewo basi kapena makamaka amenewo, ndizo zimatsatira makinawo. Ndinawauza bambo aja kuti zili ngati kuthira nyemba, soya ndi mtedza m'thumba limodzi n'kupita nalo kwa wogula mbewu. Adzakubwezani kuti mukasankhe kaye, poti chilichonse chili ndi mtengo wake pa sikelo.

Ndiye tinasankha. Makatiriji, madiramu, mabodi ndi zotenthetsera zinapita pa 8443.99 mopanda mkangano. Timabokosi ta magetsi tinapita ku mutu 85.04, timota ku 85.01, magiya ku 84.83 ngakhale ndi apulasitiki ndipo ena ndi ochepa ngati batani la malaya. Malamba a labala anatuluka m'chaputala cha makina n'kupita ku 40.10. Masikuluwu ndi masipuling'i achitsulo bukuli limawaona ngati zida zogwira paliponse, ndiye anapita ku 73.18 ndi 73.20. Maliboni anapita ku 96.12, komwe kuli maliboni a mataipilaita ndi ena otere. Mipukutu ya pepala inapita ku 48.11, chifukwa pepala si sipeya, ndi pepala lopakidwa mankhwala.

Pa timagudumu tokoka pepala ndi pomwe tinakhalitsa. Gawo XVI limatulutsa kunja zinthu za labala wofewa zogwiritsidwa ntchito m'makina, n'kuzitumiza ku mutu 40.16, ndipo wa alfandega poyamba anayang'ana kumeneko. Ine ndinatenga kamodzi n'kumuonetsa kuti labalayo ndi chikopa chabe, m'kati muli kachitsulo kosemedwa kokhala ndi mano kumapeto, kopangidwa kuti kalowe pamalo amodzi m'makina amodzi. Bambo aja anabweretsa imodzi mwa fakisi zopanda chivundikiro zija, n'kukalowetsa pamalo pake, kanachita kuti khetye. Wa alfandega uja anavomera 8443.99. Zikanakhala timphete ta labala tokhatokha topanda chitsulo, sindikanalimbana naye, chifukwa akanakhala kuti akunena zoona.

Kathumba ka masikuluwu kanandisowetsa mtendere mwa njira ina. Mtengo wake wonse sunkakwana kugulira nkhuku, koma kanafuna mizere iwiri pa Documento Único, kulemera kwake ndi mtengo wake. Ndikanakhala ine woitanitsa, masikuluwu ndikanagula pa msika wa Kwachena kuno ku Tete.

Kusankha konseku kuli ndi chifukwa. Msonkho wolowetsera katundu m'dziko muno uli m'magulu: 0, 2.5, 5, 7.5 ndi 20 peresenti. Kawirikawiri zopangira zinthu zili pansi, makina ogwirira ntchito ndi zida zapakati zili pakati, ndipo zinthu zomwe munthu amangogula n'kugwiritsa ntchito zili pamwamba. Pamwamba pa msonkhowo pamabwera IVA, msonkho wa VAT wa kuno, yomwe inatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti kuyambira January 2023, ndipo imawerengedwa pa mtengo wa katundu wophatikiza kale ndi msonkho. Tingoyerekeza katundu wa mametikali 100,000. Pa 7.5 peresenti msonkho ndi 7,500, IVA ndi 17,200, zonse 24,700. Pa 20 peresenti msonkho ndi 20,000, IVA ndi 19,200, zonse 39,200. Kusiyana kwa 14,500 kukuchokera pa nambala basi. Wolemba nambala yolakwika mokomera mwini katundu amamuitanira chindapusa, ndipo wolemba yolakwika mokomera boma amamudyera phindu mwini katunduyo osadziwa. Ndalangizapo anzanga achinyamata kuti asamatenge peresenti m'mutu kapena pa mapepala a chaka chatha. Azitsegula Pauta yomwe ikugwira ntchito tsiku limenelo, pa Janela Única Electrónica, njira ya pa intaneti yotumizira mapepala ku alfandega, mzere ndi mzere.

Fakisi ziwiri za basela

Bambo aja ankati ziwirizo ndi mitembo, sizigwira ntchito, ndiye ndi masipeya. Malamulo otanthauzira Harmonized System alipo 6, ndipo lachiwiri, ndime yake yoyamba, limati chinthu chosakwanira kapena chosamalizidwa chimawerengedwa ngati chathunthu ngati chili ndi khalidwe lenileni la chinthu chathunthucho. Makina ajawa analibe zivundikiro ndi makatiriji, koma bodi, chojambulira pepala, chotenthetsera ndi mota zonse zinalimo. Anali a mtundu wa leza (laser), okhala ndi polowetsa USB, otha kusindikiza, kukopa ndi kutumiza fakisi. Tinawalemba pa 8443.31 monga makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Zoti mwini wake akufuna kukawaphwasula ku Ulónguè, bukuli silifunsa. Limaona chinthu momwe chafikira pa malire.

Chovuta chinali mtengo. Ku alfandega kulibe katundu wopanda mtengo, ngakhale mphatso. Mozambique ndi membala wa World Trade Organization (WTO), bungwe la malonda a padziko lonse, kuyambira 1995, ndipo pangano la bungweli la kawerengedwe ka mtengo lili ndi njira 6 zotsatizana. Yoyamba ndi mtengo womwe unalipidwadi. Ikakanika, amayang'ana katundu wofanana ndendende, kenako wofananirako, kenako mtengo wogulitsira m'dziko muno atachotsa zowonjezera, kenako mtengo wopangira, ndipo pomalizira njira yoganizira mwanzeru pogwiritsa ntchito zisanu zija. Fakisi yakale yopanda chivundikiro ilibe mnzake wofanana naye amene walowa posachedwa pa Cuchamano. Tinapempha wogulitsa kuti atumize fatura yatsopano yolemba chinthu chilichonse, kuchuluka kwake, dziko lopangidwira ndi mtengo wake, komanso kalata yonena kuti makina awiriwo amawagulitsa zingati kwa ofuna kugulula zida. Mwana wa bambo aja anatumizanso umboni wa ku banki wa ndalama zomwe analipira, ndipo zinagwirizana ndi fatura. Pa masipeya, alfandega inalandira mtengo wolipidwa. Pa makina awiriwo inaika mtengo wake potengera kalata ija, okwererapo pang'ono. Ndinawalangiza bambo kuti avomere. Njira yodandaula ilipo, koma katoni ikanapitiriza kugona mosungira katundu, ndipo malowo amalipiritsa tsiku ndi tsiku.

Panalinso za dalaivala. Msonkho kuno umawerengedwa pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wa mayendedwe ndi inshuwalansi kufika pa malire. Ndalama yoperekedwa pamanja popanda pepala imasiya dzenje m'kawerengedwe. Zinatenga mafoni ambiri kuti kampani ya lole ija itulutse lisiti.

Za SADC

Apa bambo aja anakwiya kwenikweni, ndipo ndinawamvetsa, poti anthu ambiri amamva chimodzimodzi. Pangano la malonda la SADC linasainidwa ku Maseru mu 1996, dera la malonda opanda msonkho linakhazikitsidwa mu 2008, ndipo Mozambique inamaliza kutsitsa misonkho ya katundu wa ku South Africa mu 2015. Zonsezi ndi zoona. Koma mwayiwo ndi wa katundu wopangidwa m'maiko a SADC. Kugula ku Johannesburg sikusandutsa chinthu kukhala cha ku South Africa. Ndinawatembenuzira katiriji kuti awerenge okha pansi pake: China. Diramu: Vietnam. Bodi: Japan. Malamulo a SADC amanena kuti kupakira, kusintha katoni, kumata chizindikiro kapena kulumikiza zidutswa mwachisawawa sikupatsa katundu dziko latsopano. Ndipo ngakhale chinthu chitapangidwadi kumeneko, pamafunika satifiketi ya SADC yosonyeza komwe chachokera, yomwe ku South Africa imadindidwa ndi SARS, bungwe la msonkho la dzikolo.

"Nanga mapepalawa? Alembatu South Africa apa," anatero akuloza mipukutu ija.

Pa pulasitiki yokutira panalembedwadi choncho. Mwina pepalalo linapangidwa konko, mwina anangolidula kuchokera ku mpukutu waukulu wochokera kutsidya la nyanja. Satifiketi ndiyo ikanathetsa nkhaniyo, koma wogulitsa zida zakale uja sanali wolembetsedwa ngati wotumiza katundu pansi pa SADC, ndipo samaoneka wofuna kuvutikira mipukutu yochepa. Tinawerengera limodzi pa kapepala: msonkho wa mipukutuyo mbali ino, ndalama zosungira katundu pa masabata odikira mbali inayo. Anaona okha. Ndinawakumbutsanso kuti SADC imachotsa msonkho wolowetsera wokha, IVA imakhalapobe.

Anali atamvanso pa wailesi kuti zida za makompyuta ndi zamauthenga sizilipira msonkho padziko lonse. Chimenecho ndi Information Technology Agreement, pangano lomwe maiko ena a WTO anagwirizana ku Singapore mu 1996, ndipo fakisi ilimo. Limamanga maiko okhawo omwe analowamo. Mozambique sinalowemo, Malawi sinalowemonso.

Njira ya Calómuè

Pamene tinkadikira fatura yachiwiri, anandifunsa ngati ulendo wina sangamagule ku Lilongwe n'kulowetsa pa malire a Calómuè kudzera ku Dedza, poti kwa munthu wa ku Ulónguè n'kufupi kuposa Tete. Kwa mayendedwe n'zomveka. Kwa msonkho sizisintha kanthu: katiriji ya ku China ikadutsa ku Malawi imakhalabe ya ku China, ndipo mtengo wake wa m'sitolo ya ku Lilongwe uli kale ndi msonkho wa dziko limenelo m'kati. Mumalipira kawiri. COMESA nayo siithandiza, poti Malawi ilimo koma Mozambique mulibe.

Ndinadziwa kuti funsolo lili ndi mchira. Aliyense wa ku Angónia amadziwa kuti pakati pa Dedza ndi Ntcheu, monga pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo katoni yaing'ono imawoloka pa njinga popanda woifunsa. Ndinawauza maganizo anga mosabisa. Makasitomala awo ndi makampani ofuna fatura yeniyeni, ndipo katundu wopanda Documento Único alibe kholo. Tsiku lomwe oyendera afika pa shopu, amatenga katunduyo n'kusiya chindapusa. Munthu amene ali ndi alvará ndi chikwangwani pamsewu ali ndi zambiri zoti ataye kuposa mnyamata wa njinga uja.

Momwe inathera

Documento Único inatuluka ndi mizere 10 m'malo mwa umodzi. Tinaitumiza pa Janela Única Electrónica, bambo aja analipira ku banki, wa alfandega anayerekeza katundu ndi mapepala n'kupeza kuti zikugwirizana, ndipo katoni inatuluka. Chindapusa panalibe, chifukwa makina awiri aja tinawatchula tokha tisanalembe chilichonse. Tikanatumiza fatura yoyamba ija momwe inalili, akanapezeka ngati katundu wobisidwa, ndipo nkhani ikanakhala ina.

Titaphatikiza zonse, msonkho wolowetsera unali gawo laling'ono kwambiri la ndalama zomwe zinatuluka m'thumba mwawo. IVA inauposa. Ndalama zosungira katundu, za chapa pakati pa Ulónguè ndi Tete, za malo ogona, ndi za masiku omwe shopu inakhala m'manja mwa mnyamata wongodziwa fotokope, zinaposa zonse ziwiri. IVA nayo sakanaibweza, popeza iwo amalipira msonkho wa amalonda ang'onoang'ono wa ISPC, ndipo olipira umenewu sachotsera IVA ya zogula. Inayenera kulowa m'mtengo wa sipeya iliyonse. Tinakhala pansi n'kugawa ndalama zonse pa chinthu chilichonse, kuti asagulitse diramu pa mtengo wa fatura ya ku Johannesburg n'kumadabwa kuti ndalama zapita kuti. Pa maliboni ndi madiramu phindu linalipo ndithu, poti ku Angónia kulibe wina wogulitsa. Pa mapepala, masikuluwu ndi malamba anataya.

Ndinawalembera chitsanzo cha fatura choti mwana wawo azipita nacho kwa wogulitsa: dzina la chinthu, mtundu wa makina omwe chimalowa, chatsopano kapena chakale, dziko lolembedwa pa chinthucho, kuchuluka, mtengo wa chimodzi, kulemera. Ndinawauzanso kuti azinditumizira pa WhatsApp lole isananyamuke, pamodzi ndi zithunzi, kuti manambala akhale okonzeka katundu akamafika pa Cuchamano, ndipo basela aliyense azilembedwa ndi mtengo wake.

Katoni yachiwiri inabwera miyezi ingapo pambuyo pake ndipo inatuluka sabata yomweyo. Munali mizere itatu: makatiriji ndi madiramu pa 8443.99, timabokosi ta magetsi pa 85.04, maliboni pa 96.12. Zambiri zinali za mapulinta ndi makina a fotokope. Za fakisi zenizeni zinali maliboni okha, chifukwa awiri mwa makasitomala awo anali atasiya fakisi n'kuyamba kutumiza zikalata zojambulidwa pa imelo. Mapepala a mpukutu tsopano amagula kwa wogulitsa zambiri kuno ku Tete.